Mchere, kandulo, waya ndi pensulo: momwe mungayankhire funso la bonding osaloweza tebulo

Mayeso a MSCE akamayandikira, funso limene ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amandifunsa mobwerezabwereza ndi ili: "Aphunzitsi, tidziwa bwanji kuti chinthu ichi ndi ionic kapena covalent? Nanga akati tifotokoze chifukwa chake chimasungunuka msanga, tilembe chiyani?" Ndakhala ndikuyankha pa bolodi, pa WhatsApp, ngakhale panjira, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ambiri mwa inu mumaloweza tebulo lija la mbali ziwiri, ionic uku covalent uko. Tebulolo silinama, koma limakutayani likabwera funso la dayamondi, la graphite kapena la feteleza. Njira ili m'munsiyi ndi yotalikirapo, koma ikakhazikika m'mutu tebulo mumalipanga nokha m'chipinda cha mayeso. Tengani periodic table, pensulo ndi pepala. Popeza mayeso mudzalemba m'Chingerezi, mayina a zinthu ndawasiya mmene alili m'buku.

1. Yambani ndi kuyala maelekitironi m'mashelo

Musathamangire kutchula mtundu wa bondi, kutanthauza mmene maatomu agwiranirana, musanachite izi. Tengani atomic number, yomwe ndi nambala yaing'ono pa ziwiri zimene zili pa element ndipo imakuuzani kuchuluka kwa maelekitironi ake, n'kugawa maelekitironi m'mashelo. Mashelo ndi mizere yozungulira pakati pa atomu momwe mumakhala maelekitironi. Shelo yoyamba imalandira 2, yachiwiri 8, yachitatu 8. Lamuloli likukwanirani pa ma element 20 oyamba.

Sodium ali ndi 11, ndiye 2,8,1. Magnesium ali ndi 12, ndiye 2,8,2. Aluminium ali ndi 13, ndiye 2,8,3. Calcium ali ndi 20, ndiye 2,8,8,2. Kumbali inayo, carbon ndi 2,4, nitrogen 2,5, oxygen 2,6, chlorine 2,8,7. Nambala yomalizayo ndiyo mwini nkhani, chifukwa maelekitironi a m'shelo yakunja okha ndiwo amalowa m'bondi. A m'kati sakhudzidwa.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri pano ndi kutenga mass number. Mwana akatenga 23 wa sodium m'malo mwa 11, zonse zotsatira zimapita kuthengo ngakhale njira yake ikhale yabwino.

Helium, neon ndi argon ali kale ndi shelo yakunja yodzaza, n'chifukwa chake sasakanikirana ndi ena chisawawa. M'kalasi timakonda kunena kuti atomu "ikufuna" kudzaza shelo yake. Ndi chidule chabe, atomu ilibe mtima. Zoona zake n'zakuti maatomu akagwirana amatsala ndi mphamvu yochepa kuposa akakhala payekhapayekha, ndipo chinthu chokhala ndi mphamvu yochepa chimakhazikika.

2. Onani ngati ndi metal kapena non-metal

Pa ma element 20 oyamba aja, amene ali ndi elekitironi 1, 2 kapena 3 kunja ndi ma metal, kupatula hydrogen, helium ndi boron. Amene ali ndi 4 mpaka 7 atengeni ngati non-metal. Musamaganize za chitsulo cha khasu chokha. Sodium ndi metal ngakhale amadulika ndi mpeni, mercury ndi metal ngakhale ndi wamadzimadzi.

Metal akakumana ndi non-metal, metal amapereka maelekitironi ake akunja, non-metal n'kulandira, ndipo bondi yake ndi ionic. Ma non-metal okhaokha palibe wololera kupereka, choncho amagwiritsa ntchito maelekitironi awiriawiri limodzi, ndipo bondi yake ndi covalent. Metal payekha, kapena wosakanizidwa ndi metal mnzake, ali ndi metallic bond.

Samalani ndi banja la ammonium. Feteleza wa ammonium sulphate mulibe metal ngakhale mmodzi, koma ndi ionic, chifukwa muli maayoni, tizidutswa tokhala ndi chaji ya + kapena −, a NH₄⁺ ndi SO₄²⁻. M'kati mwa ayoni iliyonse maatomu agwirana ndi covalent, koma pakati pa ayoni ndi inzake pali ionic. Urea, yemwe ali m'thumba loyandikana naye kugolosale ya zaulimi, ndi covalent yekhayekha.

3. Jambulani madontho ndi mitanda

Pa ionic, jambulani mmene zinthu zilili maelekitironi atasamuka kale. Pa sodium chloride, ikani Na m'mabulaketi a ngodya, kunja kwake pamwamba lembani +. Pambali pake, osagundana, ikani Cl m'mabulaketi akenso, ndi maelekitironi 8 m'shelo yakunja, madontho 7 ndi mtanda umodzi wosonyeza uja wachokera kwa sodium, kunja lembani −. Mukalowetsana mashelo awiriwa mwajambula covalent, ndipo malikisi apita.

Magnesium amapereka 2 pamene chlorine amalandira imodzi yokha, ndiye pafunika ma chloride awiri, MgCl₂. Mfundo ndi yakuti ma chaji onse akaphatikizidwa apereke ziro. Al³⁺ ndi O²⁻ amakumana pa 6, ndiye ma aluminium awiri ndi ma oxygen atatu, Al₂O₃. Njira yosinthanitsa manambala a chaji kuti akhale manambala a maayoni imagwira ntchito, koma muzichepetsa yankho. Mg²⁺ ndi O²⁻ zimapereka MgO, osati Mg₂O₂.

Pa covalent, chotsani maelekitironi akunja pa 8 ndipo mupeza mabondi amene atomuyo imapanga. Carbon 4, nitrogen 3, oxygen 2, chlorine 1. Hydrogen amapanga imodzi basi, poti shelo yake imadzaza ndi 2. Lowetsanani mashelo, ndipo pamalo olowanawo ikani dontho ndi mtanda pa bondi iliyonse. Mu CO₂, pakati pa carbon ndi oxygen aliyense pali maelekitironi 4. Mu N₂ pali 6. Ambiri amaiwala maelekitironi amene sanalowe m'bondi. Oxygen wa mu H₂O amatsala ndi 4 oterowo ndipo ayenera kuoneka pa chithunzi. Mukamaliza werengani atomu iliyonse, ifike 8, hydrogen afike 2.

Kajambulidwe ka madonthoka kanachokera kwa Gilbert Lewis wa ku America, amene mu 1916 anafotokoza kuti bondi ndi maelekitironi awiri ogwiritsidwa ntchito ndi maatomu awiri. Chaka chomwecho Walther Kossel ku Germany anafotokoza za kupereka ndi kulandira.

4. Funsani kuti tizidutswato tayalidwa motani

Kudziwa mtundu wa bondi ndi theka la yankho. Khalidwe la chinthu, kaya kulimba, kusungunuka kapena kudutsitsa magetsi, limachokera pa kayalidwe kake. Pali mitundu inayi.

Giant ionic ndi maayoni a + ndi a − osinthanasinthana mbali zonse popanda malire. Mu 1913 Lawrence Bragg anaunika mchere ndi X-ray n'kupeza kuti mulibe kagulu ka Na mmodzi ndi Cl mmodzi kokhala pakokha. Na⁺ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl⁻ 6, Cl⁻ aliyense ndi ma Na⁺ 6. Choncho musadzalembe kuti "molekyulu ya sodium chloride". NaCl imangotiuza kuti ali mmodzi kwa mmodzi.

Giant metallic ndi maayoni a + oyalidwa m'mizere, ndipo maelekitironi akunja aja amayendayenda pakati pawo, osakhala a atomu imodzi. Buku limawatchula kuti delocalised electrons.

Simple molecular ndi timagulu ta maatomu ochepa, kagulu kalikonse pakokha, monga madzi, carbon dioxide, methane, iodine, shuga ndi kandulo.

Giant covalent ndi maatomu ogwirana ndi covalent kuchokera mbali ina ya chinthu mpaka mbali ina. Pa mulingo wanu ndi atatu amene muyenera kuwadziwa bwino: dayamondi, graphite ndi silicon dioxide, amene ndi mchenga woyera uja.

Mwaona kuti covalent yatuluka kawiri. Apa ndi pamene tebulo la mbali ziwiri limafera.

5. Funsani kuti chikuduka n'chiyani chinthu chikamasungunuka

Sitepe iyi ndi imene manotsi ambiri amalumpha, ndipo ndi imene imadya malikisi. Pano ndikunena za kusungunuka ndi moto. Za kusungunuka m'madzi ndizitchula padera, musaziphatikize.

Yankho lolakwika limene limabwera chaka ndi chaka ndi lakuti madzi amawira msanga chifukwa covalent bond ndi yofooka. Ayi ndithu. Covalent bond ndi yolimba kwambiri. Ikanakhala yofooka, dayamondi, amene thupi lake lonse ndi covalent, sakanaboola miyala.

Ikani poto wa madzi pa mbaula, muvindikire, mudikire awire. Vundukulani muone kunsi kwa chivindikiro. Pali timadontho ta madzi. Nthunzi imene inakwera ija inali H₂O yemweyo, yazizira n'kubwerera mmene inalili. Kukanakhala kuti kuwira kumadula bondi ya pakati pa oxygen ndi hydrogen, mukanatuluka mpweya wa hydrogen ndi wa oxygen pamwamba pa moto, ndipo kuphika nsima kukanakhala ntchito ya asilikali. Chimene moto wachita ndi kulekanitsa molekyulu ndi molekyulu inzake basi. Mphamvu yokoka ya pakati pa mamolekyulu imatchedwa intermolecular force, ndipo iyoyo ndiyo yofooka.

Manambala akuonetsa kusiyanaku. Kuti musandutse mole imodzi ya madzi, yomwe ndi magalamu 18, kukhala nthunzi pamafunika mphamvu pafupifupi 41 kJ. Kuti mudule mabondi onse awiri a O–H m'mole imodzi yomweyo pamafunika kupitirira 900 kJ, kuchulukitsa kopitirira 20.

Ganizirani khoma la njerwa zootcha lomangidwa ndi matope. Mvula ya February ikalimenya mpaka kugwa, mukapita pamalopo mupeza njerwa zili zamphumphu, mutha kuzitola n'kumangiranso. Chimene chagonja ndi matope a pakati. Molekyulu ndi njerwayo, intermolecular force ndi matopewo.

Tsopano yesani izi. Pa supuni ziwiri zakale, ina ikani kachidutswa ka kandulo, ina mchere, n'kuziika pamoto mutagwira ndi nsalu. Kandulo achita madzi nthawi yomweyo, poti amasungunuka pafupi ndi 60°C. Mchere ungothetheka n'kudumphadumpha pa supuni, osasungunuka, chifukwa umafuna 801°C. Mu mchere mulibe malo ofooka oti moto uyambirepo. Ayoni iliyonse ikukokedwa mbali zonse ndi maayoni a chaji yosiyana nayo, ndipo kukokana kumeneko ndiko ionic bond yeniyeniyo. Kuti mchere usungunuke, moto uyenera kugonjetsa bondi imeneyo m'chinthu chonse. Mukayesa shuga, ayamba kuchita madzimadzi, kenako afiira, kenako ada n'kutulutsa fungo lopserera. Kudako ndi nkhani ina, pamenepo mabondi a m'kati mwa molekyulu ayamba kuduka ndipo shugayo sangabwererenso.

Funso limene olemba mayeso amalikonda ndi la carbon dioxide ndi silicon dioxide. Carbon ndi silicon ali m'gulu limodzi, onse ali ndi maelekitironi 4 kunja, onse agwirana ndi oxygen mwa covalent. Koma carbon dioxide ndi mpweya, amauma pokhapokha pa −78°C, pamene silicon dioxide amasungunuka cha m'ma 1,700°C. Mtundu wa bondi ndi umodzi, kayalidwe n'kosiyana. CO₂ ndi timamolekyulu ta maatomu atatu, ndiye chofunika kugonjetsa ndi intermolecular force. Mu silicon dioxide, silicon aliyense wagwirana ndi ma oxygen 4, oxygen aliyense ndi ma silicon 2, mosalekeza, ndiye kuti asungunuke muyenera kudula ma covalent bond enieniwo. Dayamondi ndi chimodzimodzi, carbon aliyense wagwirana ndi anzake 4, ndipo amapirira kutentha kopitirira 3,500°C.

Ngakhale pakati pa ma simple molecular pali kusiyana. Molekyulu ikamakula, kukokana kwake ndi inzake kumakulanso. Methane, wa carbon mmodzi, amawira pa −162°C. Parafini wa m'nyali, wa ma carbon opitirira 10, ndi wamadzi. Kandulo, wa ma carbon opitirira 20, ndi wolimba. Madzi ndi amene amaphwanya mzerewu. Molekyulu yake ndi yaing'ono kuposa ya hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira loola uja umene umawira pa −60°C, komabe madzi amawira pa 100°C. Chifukwa chake oxygen amakokera maelekitironi kumbali yake mwamphamvu, n'kusiya hydrogen ali ndi kachaji pang'ono ka +, kamene kamakoka oxygen wa molekyulu yoyandikana nayo. Kukokanaku kumatchedwa hydrogen bond. Dzinalo lisakupusitseni, ikadali intermolecular force, kungoti ndi yamphamvuko pa zinzake.

Pa ma ionic, yang'anani kukula kwa chaji. Magnesium oxide amasungunuka pamwamba pa 2,800°C pamene sodium chloride ndi 801°C, chifukwa 2+ ndi 2− zimakokana kwambiri kuposa 1+ ndi 1−.

6. Pa magetsi, funsani ngati muli kanthu ka chaji kotha kuyenda

Zofunika ndi ziwiri ndipo zikhalepo zonse: pakhale tizidutswa ta chaji, ndipo tikhale tomasuka kuyenda.

Mutha kuziona nokha ndi mabatire awiri kapena atatu a tochi, kababu kakang'ono ka LED ndi mawaya. Siyani nsonga ziwiri za waya zotseguka kuti muzigunditsa pa chinthu chimene mukuyesa. Musayese ndi magetsi a pakhoma, amenewo amapha. Gunditsani pa mulu wa mchere wouma, babu siyaka. Maayoni alimo koma amangika pamalo pawo. Thirani mcherewo m'kapu ya madzi, takasani, viikani nsonga zija moyandikana osagundana, babu iyaka ndipo muona tithovu pa waya. Madzi alekanitsa maayoni ndipo tsopano akuyenda. Chitani zomwezo ndi shuga m'madzi a mvula. Asungunuka bwinobwino koma palibe chimene awonjezere, chifukwa chimene chikuyenda m'madzimo ndi mamolekyulu opanda chaji. Ndati madzi a mvula chifukwa a pamjigo amakhala kale ndi maayoni ochokera m'miyala, ndipo LED imatha kunyezimira pang'ono n'kukusokonezani. Maayoni omwewo, pamodzi ndi a m'thukuta, ndiwo amachititsa kuti kugwira switchi ndi manja onyowa kukhale koopsa.

Apa pali msampha wina. Musalembe kuti madzi a mchere amadutsitsa magetsi chifukwa maelekitironi ndi omasuka. M'madzi a mchere, ngakhalenso mu mchere wosungunuka ndi moto, zoyenda ndi maayoni. Maelekitironi omasuka ndi a mu metal, monga waya wa mkuwa, ndi mu graphite.

Graphite ndi non-metal koma babu yanu iyaka mukasongola pensulo mbali zonse n'kugunditsa waya uku ndi uku. Carbon aliyense mu graphite wagwirana ndi anzake 3 okha, ndiye elekitironi yachinayi imatsala yomasuka kuyenda m'kati mwa pepala la maatomuwo, poti maatomu a graphite amayalidwa ngati mapepala osanjikizana. Mu dayamondi onse 4 ali pa ntchito, palibe woyenda, choncho magetsi sadutsa.

Hydrogen chloride ndi covalent, ndipo akakhala mpweya sadutsitsa magetsi. Akalowa m'madzi amasweka kukhala maayoni, n'chifukwa chake hydrochloric acid amadutsitsa.

7. Kuphwanyika, kupindika ndi kuterera

Mbulu wa mchere mukaumenya ndi munsi umaphwanyika. Kumenyako kumasuntha mzere umodzi wa maayoni pang'ono chabe, + n'kuyang'anizana ndi +, − ndi −, ndipo amakankhana mpaka kung'aluka. Mmisiri wokhoma ndowa amamenya lata tsiku lonse koma silisweka, limangopindika. Mizere ya maayoni a metal imatsetsereka pamwamba pa inzake, maelekitironi omasuka aja n'kumasuntha nayo limodzi, ndiye bondi siduka. Kutentha kosungunulira ma metal kumasiyana kwambiri. Aluminium ndi 660°C, n'chifukwa chake oumba mapoto amakwanitsa kusungunula zidutswa zake pa makala opemerera, pamene mkuwa ndi 1,085°C ndipo iron ndi 1,538°C.

Graphite imaterera chifukwa mapepala ake a maatomu ndi olimba m'kati, koma pakati pa pepala ndi linzake pali kukokana kofooka. Mukamalemba ndi pensulo mukusiya mapepala amenewa pa kope. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku Manchester anamatula graphite ndi selotepi mpaka kutsala ndi pepala limodzi lokha, lotchedwa graphene, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2010. Mwala wa graphite tili nawo kwathu konkuno, ku Malingunde m'boma la Lilongwe. Koma akakufunsani chifukwa chake graphite siisungunuka msanga, musatchule kukokana kofooka kuja. Kuterera ndi nkhani ya pakati pa mapepala, kusungunuka ndi nkhani ya ma covalent bond a m'kati mwa pepala.

8. Lembani yankho la magawo atatu

Funso lililonse loti "fotokozani chifukwa chake" liyankheni motere. Tchulani kayalidwe, tchulani mphamvu imene ikugonjetsedwa ndi tizidutswa timene ikugwira, kenako nenani ngati pakufunika mphamvu yambiri kapena yochepa. Pa iodine munganene kuti ndi simple molecular, pakati pa mamolekyulu pali intermolecular force yofooka, ndiye pamafunika kutentha kochepa kuti alekane. Pa calcium oxide, amene amapangidwa pootcha mwala wa laimu, munganene kuti ndi giant ionic, pali kukokana kwamphamvu pakati pa Ca²⁺ ndi O²⁻, ndiye pamafunika kutentha kwambiri. Kungolemba kuti "mabondi ake ndi olimba" osatchula kuti ati, wochonga amakupatsani theka kapena ziro.

Nthawi zina amakupatsani tebulo la zinthu zobisidwa mayina, W, X, Y, Z. Yambani ndi mzere wa magetsi, osati wa kutentha. Chodutsitsa magetsi chili cholimba ndi metal kapena graphite. Chosadutsitsa chili cholimba koma n'kudutsitsa chitasungunuka ndi ionic. Chosadutsitsa konse ndi covalent, ndipo apa m'pamene mumayang'ana kutentha kuti musiyanitse simple molecular ndi giant covalent.

Tiyese. W amasungunuka pa 114°C, sadutsitsa magetsi konse, ameneyo ndi simple molecular, ndipo ndi iodine. X amasungunuka pa 801°C, amadutsitsa pokhapokha atasungunuka, ameneyo ndi giant ionic. Z amasungunuka cha m'ma 1,700°C, sadutsitsa konse, ameneyo ndi giant covalent. Y amasungunuka pa −39°C ndipo amadutsitsa magetsi ali wolimba ngakhalenso ali wamadzi. Amene amayamba ndi kutentha amalemba simple molecular poona nambala yotsikayo. Mzere wa magetsi ukukuuzani kuti ndi metal, ndipo pa −39°C ameneyo ndi mercury.